Madzi a sayileji akatulukira pageti la famu: zomwe malamulo a ku England amanena

Chakumapeto kwa Meyi, alimi a ng'ombe za mkaka ku England amakhala pakalikiliki wodula udzu koyamba m'chakacho. Mathirakitala amapezanapezana m'timisewu topapatiza ta kumidzi, ngolo zitadzaza udzu wowazawaza, ndipo dzuwa likamalowa udzuwo amakhala atauunjika m'nkhokwe ya konkire, kuupondaponda ndi thirakitala, n'kuuphimba ndi pulasitiki wakuda, pamwamba n'kusanjikapo matayala akutha. Sayileji ndi ameneyo: udzu wovundikira womwe ng'ombe zidzadye m'miyezi yozizira, kubusa kutatha msipu. Pakapita masiku awiri kapena atatu, pansi pa muluwo pamayamba kuchucha madzi ofiirira, a fungo lowawasa. Pa famu yosamalika madziwa amatsata ngalande yawo n'kukagwera m'thanki. Pa famu ina amadutsa pamng'alu wa khoma, kuwoloka bwalo, kutulukira pageti, n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa msewu kufunafuna potsetsereka.

Munthu wodutsa akawaona amadzifunsa kuti nkhaniyi akanene kuti. Yankho lake limazunguza, chifukwa malamulo saona madziwa ngati chinthu chimodzi. Akakhala m'nkhokwe ali ndi lamulo lawo. Akafika pamsewu agwera m'manja mwa ofesi ina, yogwiritsa ntchito lamulo lina. Akalowa mumtsinje mpamene amakumana ndi lamulo lamano. Njira yapafupi yomvetsera zonsezi ndi kungowatsatira madziwo komwe akupita.

Koma tiyambe tadziwa chomwe boma limaopera madzi ochokera mu udzu wamba. Mulibe chiphe m'menemo. Vuto lawo ndi loti ndi chakudya chonona kwambiri: muli shuga, asidi ndi michere yonse yomwe inali m'masamba, moti alimi ena amapatsa ng'ombe zawo kuti zimwe. Akalowa mumtsinje, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'madzimo timapeza phwando, timaswana mofulumira, ndipo tikamadya timamaliza mpweya wa okosijeni womwe nsomba zimapuma. Nsomba zimafa ndi kubanika, madzi ali odzaza bwinobwino. Akatswiri ali ndi muyeso wotchedwa BOD, wosonyeza kuchuluka kwa okosijeni amene amatha pamene tizilomboti tikuwoletsa zomwe zili mu lita imodzi ya madzi. Mtsinje waukhondo sufika n'komwe mamiligalamu 5. Zonyansa za m'zimbudzi za m'tauni zisanasefedwe zimakhala cha pa 300 kapena 400. Madzi a sayileji amayambira pa 30,000 kukafika pa 80,000. N'chifukwa chake alangizi kumeneko amakonda kuuza alimi kuti madziwa amaposa suweji kuwirikiza mpaka ka 200.

Nthawi yake nayonso ndi yoipa. Sayileji amapangidwa kuyambira Meyi kulowa m'chilimwe, pamene timitsinje taphwera ndipo madzi afunda. Madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa kale, ndipo mtsinje wophwera ulibe mphamvu yosungunula chilichonse. Ndowa zochepa chabe zimatha kupha nsomba mtunda wautali. Komwe madziwa akhala akudontha kwa masabata, miyala ya pansi pa mtsinje imakutidwa ndi ndere yotuwa, yoterera, yooneka ngati ubweya wonyowa, ndipo ogwira ntchito za boma akaiona amadziwiratu kuti kumtundaku kuli china chake.

Chinanso n'chakuti madziwa ndi asidi, ndipo pa muyeso wa asidi wotchedwa pH amakhala cha pa 4. Amadya konkire, amadya chitsulo. Nkhokwe imene ikuwasunga ikudyeka chaka ndi chaka ndi chinthu chomwecho imene inamangidwira, ndipo timing'alu timene chaka chatha sitinkaoneka chaka chino tikutulutsa madzi. Kuchuluka kwawo kumadalira m'mene udzu unalili pouunjika. Udzu wodulidwa mvula ikugwa n'kuulowetsa pompopompo umatulutsa malita opitirira 100 pa tani iliyonse. Udzu womwe wasiyidwa m'munda tsiku limodzi kuti ufote, mpaka gawo lake louma lifike 25 kapena 30 pa 100 alionse, umatulutsa ochepa kwambiri. Mlimi aliyense amadziwa zimenezi. Koma munthu amene mlimiyo wamulemba ganyu yodula ali ndi mafamu ena khumi oti apiteko sabata yomweyo, ndipo mitambo ya ku England simvera munthu.

Lamulo la pankhokwe

Malamulo oyamba okhudza kasungidwe ka sayileji, ndowe zamadzimadzi ndi mafuta a pafamu anabwera mu 1991. Omwe akugwira ntchito ku England ndi a 2010, ndipo aliyense kumeneko amangowatchula mwachidule kuti SSAFO. Owayang'anira ndi bungwe la boma loona zachilengedwe la Environment Agency. Ubwino wa malamulowa ndi woti sadikira kuti nsomba zife. Mlimi atha kupezeka wolakwa ngakhale dontho limodzi lisanafike kumtsinje, kungoti nkhokwe yake sinamangidwe moyenera.

Zomwe amafuna ndi zomveka. Pansi pa nkhokwe pasamalowe madzi. Kuzungulira nkhokweyo pakhale ngalande zotengera madziwo kuthanki, ndipo pansi pake, makoma, ngalande ndi thanki zikhale zopirira asidi. Zonsezi zimangidwe moti zitha zaka 20 zikusamalidwa, koma thanki yokwiriridwa pansi ithe zaka 20 popanda woikonza, pakuti palibe amene amaiona. Mbali iliyonse ya zomangazi isayandikire mtsinje, ngalande ya madzi kapena nyanja kuchepera mamita 10. Ndipo asanayambe kumanga kapena kukulitsa, mlimi adziwitse Environment Agency kutatsala masiku osachepera 14.

Kukula kwa thanki kuli ndi masamu ake. Nkhokwe yosafika makiyubiki mita 1,500 imafunika malita 20 pa kiyubiki mita iliyonse, kutanthauza kuti nkhokwe ya 1,000 ikhale ndi thanki ya malita 20,000. Ikapitirira 1,500, thanki iyambire pa malita 30,000, n'kuwonjezera malita 6.7 pa kiyubiki mita iliyonse yapamwamba pake; ya 2,000 ndiye kuti malita 33,350. Manambalawa amaoneka aakulu, koma thanki yotere siinapangidwe kuti isunge madzi a nyengo yonse. Sabata yoyamba, udzu ukakhala wonyowa, imatha kudzaza m'masiku ochepa, makamaka mvula ikagwa pa pulasitiki uja n'kutsikira m'ngalande zomwezo. Choncho pamafunika munthu wotsegula chivundikiro m'mawa uliwonse, kusuzumiramo, n'kupopa. Madzi opopawo amawasungunula ndi madzi ena muyeso wofanana n'kukawathira m'munda ngati manyowa, kutali ndi mitsinje ndi zitsime. Ena amawathira m'dziwe la ndowe, ndipo apa pali ngozi ina: akasakanikirana ndi ndowe amatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, womwe m'nyumba yotsekeka umapha munthu ndi ng'ombe zomwe.

Mabelo okutidwa ndi pulasitiki, aja amaunjikidwa m'mphepete mwa minda, nawo sanaiwalidwe. Sayenera kusungidwa kapena kutsegulidwa pasanathe mamita 10 kuchokera kumadzi. Wofuna kuunjika sayileji padothi m'munda popanda konkire ayenera kudziwitsa Environment Agency masiku 14 asanagwiritse ntchito malowo koyamba, ndipo atalikire mamita 50 kuchokera pachitsime, kasupe kapena mjigo wotetezedwa womwe anthu amamwapo.

Pano tsono pali khomo lomwe linasiyidwa lotsegula. Nkhokwe zomangidwa Malichi 1991 asanafike sizikakamizidwa kutsatira miyezo imeneyi, pokhapokha zitakulitsidwa kapena kumangidwanso kwambiri. Pa nthawiyo zinali zomveka, chifukwa sukanauza alimi onse kuti agumule zomanga zawo chaka chimodzi. Koma taganizani zotsatira zake. Nkhokwe imene asidi waidya zaka zoposa makumi atatu ndi imene lamulo limailekerera, ndipo mlimi amene akufuna kuikonza kwambiri amadziwa kuti akangoikhudza itaya ufulu wake, iyenera kufika pa muyezo watsopano, womwe ndi wa ndalama zambiri. Ambiri amangomata simenti pamng'alu n'kudikira chaka chamawa. Environment Agency ili ndi mphamvu yolembera mlimi kalata yomulamula kukonza nkhokwe yakale ngati yaona kuti pali chiopsezo chachikulu, n'kumupatsa masiku osachepera 28, ndipo iye ali ndi ufulu wochita apilo. Koma kuti ilembe kalatayo imayenera kuti ifike kaye pafamupo.

Ikafika, zomwe imapeza si zosangalatsa. Pakati pa 2016 ndi 2019 bungweli linayendera mafamu 86 m'dera la mtsinje wa Axe, kummwera chakumadzulo kwa England. Mafamu 95 pa 100 alionse sankatsatira malamulo a kasungidwe, ndipo 49 pa 100 alionse anapezeka akuipitsa mtsinjewo. Nambalazi zikuphatikizapo ndowe, osati sayileji yekha, koma zikuonetsa kutalika kwa mtunda pakati pa zolembedwa ndi zochitika pabwalo la famu.

Pamsewu

Madzi aja atuluka pageti. Tsopano ali pamalo a khonsolo yoyang'anira misewu, ndipo lamulo lake ndi Highways Act 1980. Gawo 161 la lamuloli lili ndi ndime yonena pafupifupi ndendende za nkhani yathu: ndi mlandu kulola uve, litsiro kapena chinthu chilichonse chonyansa kuyenderera pamsewu kuchokera pamalo oyandikana nawo. Chindapusa chake chachikulu ndi mapaundi 200. Inde, 200 basi, ndalama yosakwana n'komwe kugula tayala limodzi lakumbuyo la thirakitala. Ndime ina ya gawo lomwelo, yokhudza kusiya pamsewu chinthu chovulaza kapena kuika pangozi odutsa, imafika mapaundi 1,000, chimodzimodzinso gawo 148 loletsa kutaya ndowe, manyowa kapena zinyalala pamsewu. Gawo 149 limapatsa khonsolo mphamvu yolamula munthu kuchotsa chomwe wasiya pamsewu, ndipo ngati ndi choopsa khonsolo itha kuchotsa yokha nthawi yomweyo n'kumulipiritsa.

Kunena zoona, malamulo a pamsewu ndi ofooka pa nkhaniyi. Analembedwa poganizira matope, ndowe ndi madzi a padenga, zinthu zoti munthu atha kubwera ndi fosholo n'kuchotsa. Khonsolo nayo maso ake amakhala pa funso limodzi: kodi msewu ukudutsika bwino? Ngati madzi a sayileji akungoyenda m'mbali n'kukalowa m'chibowo cha ngalande, kwa woyang'anira misewu vuto latha, pamsewu pauma. Pamene zimasintha ndi pamene pachitika ngozi. Madziwa akasakanikirana ndi matope amaterera, m'nyengo yozizira zotsalira zake zimaundana, ndipo wanjinga yamoto akagwa pakona n'kuthyoka mwendo, mlimi amakumana ndi mlandu wa chipukuta misozi chifukwa cha kusasamala. Ndalama zake zimaposa kutali zindapusa zija. Palinso gawo 22A la Road Traffic Act 1988, lolanga munthu woika dala chinthu pamsewu pamene aliyense woganiza bwino akanaona kuti ndi choopsa, ndipo chilango chake chimafika zaka 7 m'ndende. Koma limeneli ndi la milandu yoipitsitsa, osati ya thanki yosefukira.

Chibowo cha ngalande chija ndiye pagona nkhani. Anthu ambiri amaganiza kuti chilichonse cholowa m'menemo chimapita kumalo osefera suweji. M'misewu ya kumidzi si choncho. Ngalande za pamsewu zinakumbidwa kuti zichotse madzi a mvula mwachangu, ndipo zimakathira m'ngalande ya m'munda kapena mumtsinje wapafupi popanda kusefa kulikonse. Madzi saiwala khwawa, amatero akuluakulu. Kuno khwawalo analikumbira ndi boma lomwe, n'kuliyalira mapaipi. Nkhokwe itha kukhala mamita 300 kuchokera kumtsinje, yotsatira bwino lamulo la mamita 10, koma msewu n'kuilumikiza ndi mtsinjewo m'mphindi zochepa. Komanso ngalande zotseguka za m'mbali mwa msewu nthawi zambiri mwini wake amakhala mwini munda woyandikana nazo, osati khonsolo, zomwe zimawonjezera kukankhirana.

Kumtsinje

Apa lamulo limasintha nkhope. Pansi pa Environmental Permitting Regulations a 2016, ndi mlandu kuchititsa, kapena kulola ukudziwa, kuti chinthu choipitsa chilowe m'madzi a mumtsinje, m'nyanja kapena apansi pa nthaka popanda chilolezo. Chindapusa chake chilibe malire, ndipo mlandu ukapita ku Crown Court, khoti lozenga milandu ikuluikulu, munthu atha kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Nsomba zikafa palinso gawo 4 la Salmon and Freshwater Fisheries Act 1975. Bungwe la Environment Agency litha kulamula woipitsayo kuti ayeretse, kapena kuyeretsa lokha n'kumutumizira bilu. Lithanso kupereka chilango cha ndalama popanda kupita kukhoti, ndipo malire a mapaundi 250,000 omwe analipo pa zilango zotere anachotsedwa mu Disembala 2023. Nthawi zina limalandira lonjezo lolembedwa la wolakwayo loti akonza zinthu ndi kupereka ndalama ku ntchito yobwezeretsa mtsinje, m'malo momuzenga mlandu.

Mawu ofunika kuwamvetsa ndi akuti "kuchititsa". Woimira boma safunika kuonetsa kuti mlimi anachita dala, ngakhale kuti anali wosasamala. Mfundoyi inakhazikika pa milandu iwiri yomwe siinali ya alimi n'komwe. Mu 1972, pa mlandu wa Alphacell ndi Woodward, fakitale yopanga mapepala inaipitsa mtsinje wa Irwell chifukwa mapampu ake anatsekeka ndi zomera. Khoti lalikulu la House of Lords linati kampaniyo ndi yolakwa ngakhale sinadziwe, pakuti ndiyo inkayendetsa ntchito yomwe inabweretsa madzi oipawo pamenepo. Mu 1998, pa mlandu wa Empress Car Company, munthu wosadziwika anatsegula mpopi wa thanki ya dizilo womwe unalibe loko, mafuta n'kukalowa mumtsinje wa Ebbw Fach ku Wales. Kampaniyo inati si ife tinatsegula. Khoti linati kusunga thanki yotero pamalo otero ndi kuchititsa ndithu, chifukwa kuseweretsa zinthu za eni ndi chinthu chochitika tsiku ndi tsiku. Chokhacho chomwe chingamasule munthu ndi chochitika chachilendo kwenikweni. Mlimi wonena kuti mvula inagwa yambiri, kapena kuti pampu inafa usiku, akunena zinthu zomwe khoti limaziona ngati za masiku onse. Zitha kumuchepetsera chilango, koma sizimuchotsera mlandu.

Ena amati izi ndi nkhanza kwa munthu amene amagona maola anayi m'nyengo yodula udzu, amene mtengo wa mkaka amamuikira ndi ena. Madandaulowo ndi omveka. Koma mtsinje sungadikire kuti tifufuze zomwe zinali mumtima mwa munthu, ndipo amene angatchinjirize ngoziyo ndi yekhayo amene ali ndi kiyi wa pageti. Chomwe ine ndimaona kuti n'chopotoka si kuuma kwa lamulo la kumtsinje, koma kusiyana kwake ndi la kumtunda. Madzi omwewo, ochokera pamng'alu womwewo, ndi nkhani ya mapaundi 200 ali pamsewu, n'kukhala nkhani ya ndende atayenda mamita ena ochepa. Ndipo ofesi yomwe imawaona koyamba si imene ili ndi ndodo yaikulu.

Wokhala pafupi ndi famu ali ndi makomo enanso. Ngati vuto ndi fungo kapena zonyansa zounjikana, nthambi ya zaumoyo ya khonsolo itha kulembera mlimi kalata yomulamula kuleka pansi pa Environmental Protection Act 1990, ndipo khonsolo ikanyalanyaza, gawo 82 limalola munthu wamba kupita yekha kwa majisitireti. Ngati madziwo alowa m'munda mwake, apha mitengo ya mpanda kapena aipitsa chitsime chake, atha kusuma kufuna chipukuta misozi. Magulu a owedza nsomba, omwe amalipira ufulu wowedza m'zigawo za mitsinje, akhala akusumira oipitsa madzi kwa zaka zambiri kudzera m'bungwe lomwe linayamba mu 1948, lomwe lero limatchedwa Fish Legal. Koma amene waona madzi akulowa m'ngalande ya pamsewu lero, khomo loyamba kugogoda ndi la Environment Agency, yomwe ili ndi nambala yolandirira malipoti usana ndi usiku. Changu chimafunika chifukwa umboni wake umayenda. Mvula ikagwa usiku, m'mawa pamsewu pamakhala poyera, ndipo wofufuza amangotsala ndi ndere yotuwa ija ndi utoto wothira m'ngalande kuti aone komwe paipi ikutulukira. Mlimi amene waona kuti thanki yasefukira nayenso amalangizidwa kutseka ngalande ndi dothi kapena mabelo n'kuimba yekha, ena asanamuimbire.

Kale kunalinso chikwapu china: wophwanya malamulo ena a zachilengedwe ankadulidwa ndalama za sabuside zomwe boma linkapereka kwa alimi. Dongosolo limenelo linatha ku England kumapeto kwa 2023. Malamulo a 2018 otchedwa Farming Rules for Water, okhudza kathiridwe ka manyowa ndi kukokoloka kwa nthaka, akadalipo.

Zonse tanenazi ndi za England, ngakhale lamulo la misewu ndi la zilolezo limagwiranso ntchito ku Wales. Pa kasungidwe, dziko lililonse la mu UK lili ndi malamulo ake. Wales inaphatikiza zonse m'malamulo atsopano omwe anayamba pa 1 Epulo 2021, oyang'aniridwa ndi Natural Resources Wales. Ku Northern Ireland ntchitoyi ili m'manja mwa NIEA, bungwe lakumeneko loona zachilengedwe. Scotland, komwe bungwe loona zachilengedwe ndi SEPA, ndiyo inalimba mtima pa khomo lija: malamulo ake omwe anayamba mu Januwale 2022 anapatsa eni nkhokwe zomangidwa 1991 isanafike zaka zinayi, mpaka pa 1 Januwale 2026, kuti nazonso zifike pa miyezo yoyambira. Malamulo a 2010 a ku England sanaike tsiku lotero.